Zitsulo Ziwiri za ku Valparaíso

Masitepe a pa phiri la Cordillera ayamba kugwedera.
Mphepo ya mchere yadya chitsulo
chogwiriziza sitepe ya khumi ndi chitatu,
ndipo mayi Fresia, otsika ndi dengu la buledi m'mamawa,
anandigwira pamkono:
Mwana wa Nibaldo, anawotcherera pano ndi bambo ako.

Ndinapita ndi sipanala, agalu a mumsewu akundilondola.
Ndinachigulula. Dzimbiri linandidetsa mpaka m'zikhadabo.
Ngodya zitatu:
imodzi yoima njo pakhoma, madigiri makumi asanu ndi anayi,
ziwiri zosongoka,
ndi mbali yaitali yopendekeka
imene yasenza mapazi a anthu zaka makumi atatu osadandaula.

M'shedi mwa bambo muli bokosi la makatoni odula,
mathirayango okhaokha, a mafuta, opindika m'mphepete.
Ndinasankha katoni imodzi.
Ngodya yosongoka inakhala pa inzake bwinobwino.
Ndinati ndapeza.
Ndinadula, ndinawotcherera, nthethe zikuthetheka pa nsapato,
ndikuimba mluzu ngati wodziwa.

Bambo saonanso.
Maso awo anachita nkhungu ngati doko mu Julayi.
Amakhala pakhomo, kumvetsera sitima zikulira kumunsi.
Anati: Bwera nazo zonse ziwiri.
Anasanjika chatsopano pa chakale, m'manja mwawo,
chala chikuyenda m'mbali pang'onopang'ono
mpaka chinagwera pa malo opanda kanthu.
Anaseka.
Awa ndi pachibale, anatero. Si mapasa.

Ndinatenga tepi.
Chakale: khumi ndi zisanu ndi zitatu, makumi awiri ndi zinayi, makumi atatu.
Changa: khumi ndi zisanu, makumi awiri, makumi awiri ndi zisanu.
Zitatu, zinayi, zisanu zomwezo,
koma chakale anazibwereza kasanu ndi kamodzi,
changa kasanu kokha.
Katoni ija inali ya masitepe a phiri lina,
kwa anthu ena, chaka chimene ndinali ndisanabadwe.

Kusukulu ya usiku, aphunzitsi a Baldomero anatiuzapo zimenezi,
choko chikuwathothokera pa juzi:
ngodya yoima njo ikakhalapo,
ngodya imodzi yosongoka ikagwirizana,
maonekedwe afanana, basi.
Make mbuu, mwana mbuu, koma msinkhu ndi wina.
Ukafuna ndendende, yeza mbali yaitali yopendekeka,
yezanso imodzi mwa ziwiri zija.
Zikalingana, yachitatu usavutike nayo,
ilibe kothawira.
Tsiku limenelo ndinali kuwodzera pafupi ndi zenera.

Mapeso zikwi zisanu ndi chimodzi anapita pa chitsulo china.
Ndinayeza kawiri. Ndinayezanso kachitatu chifukwa cha manyazi.
Makumi atatu. Makumi awiri ndi zinayi.
Bambo anasanjikanso,
anatembenuza chimodzi chafufumimba, nasanjikanso,
chala chinazungulira mbali zonse osapunthwa.
Sananene kanthu. Anandipatsa.

Kumsika wa nsomba amati ndine bambo anga enieni:
mphuno, kaimidwe, kutukwana bawuti ikakana.
Koma magolovesi awo amandikhwepa,
ndimapinda nsonga za zala kuti ndigwire nyundo.

Lachisanu ndinamanga, mabawuti anayi atsopano,
utoto wofiira wotchinga dzimbiri usanaume bwino.
Loweruka mayi Fresia anatsika ndi dengu lawo.
Anaponda sitepe ya khumi ndi chitatu
akukangana ndi mnzawo za mtengo wa gasi,
osayang'ana pansi n'komwe.

Chaching'ono chija ndinafuna kuchiponya ku zitsulo zakutha.
Bambo anakana.
Tachikhomera pakhoma la kukhitchini, thabwa pamwamba,
ndipo wailesi yawo yakhala pomwepo,
ikunena za mphepo ya mawa panyanja.